Momwe mungaperekere malikisi ku malo okopa alendo mosakondera

Pa Mzuzu pano funso ili silikutha. Sukulu ikufuna kutengera ana a Fomu 3 kokaona malo, kwaya yasonkherana ndalama za ulendo, a kuofesi akufuna kokapumira kumapeto kwa chaka, ndipo onsewo akufunsa kuti malo abwino ndi ati. Amene amayankha ndi mndandanda wa "malo 10 opambana kumpoto" amapunthwa pa chitsa chimodzimodzi: amaika Nyika, gombe la Chikale ndi nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga pamzere umodzi, malikisi n'kumachokera pa momwe tsikulo linawakomera. Wina anafika ku Vwaza mu Okutobala n'kupeza njovu zikumwa madzi pa nyanja ya Kazuni, mnzake anafika mu Febuluwale n'kupeza matope ndi udzu wobisa chilichonse. Onse awiri akunena zoona, koma manambala awo sangaphatikizidwe.

Gwero la vutoli ndi lakuti muyeso umapangidwa ulendo utatha, mtima utasankha kale malo ake. Pogula chimanga kumsika timayamba tayang'ana ndowa ngati sinaphwanyidwe kunsi, ndipo timafuna kuti ndowa yomweyo iyezere aliyense. Malangizo ali m'munsiwa ndi okonzera muyeso woterowo musanakwere galimoto. Angathandize mphunzitsi wokonza ulendo, wophunzira za zokopa alendo pa yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), mtolankhani, ngakhale komiti ya kumpingo.

## Zofunika kukhala nazo

- Fomu imodzi yosindikiza, makope okwanira malo onse. Ngati mukufuna ya pafoni, pulogalamu ya KoboToolbox imalola kudzaza popanda netiweki n'kudzatumiza pambuyo.
- Kope lachikuto cholimba ndi mabolopeni awiri. M'malo ambiri a ku Nyika mulibe netiweki, ndipo foni imatha moto.
- Foni yojambulira zithunzi zoonetsa tsiku, ndi pawabanki.
- Wotchi yoyezera nthawi ya paulendo.
- Excel kapena Google Sheets. Kakyuleta ya pafoni imakwananso ngati malo ali ochepa.
- Envelopu ya malisiti, ndi ndalama zanuzanu zolipirira chilichonse.
- Anthu oyeza osachepera awiri, osati a nyumba imodzi.
- Mafunso a alendo olembedwa m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi. Ku Nkhata Bay mufunika wodziwa Chitonga, ku Karonga wodziwa Chinkhonde.

## 1. Lembani kuti mukuyezera ndani

Chiganizo chimodzi pamwamba pa fomu chikukwana, mwachitsanzo: "Malikisi awa ndi a banja la Amalawi lonyamukira pa depoti ya Mzuzu pa minibasi, lokagona usiku umodzi." Mlendo wochokera ku London wobwereka galimoto ya 4x4 ndi mayi wa ku Chibavi wotenga ana atatu pa Sienta sakufuna zofanana, ndipo salipira zofanana. Pakhomo pa Nyika ndi Vwaza mtengo wa Mmalawi ndi wa mlendo wakunja umasiyana.

Chenjezo: musalembe kuti "aliyense". Mukatero, woyeza aliyense adzakhala ndi mlendo wakewake m'mutu.

## 2. Gawani malo m'magulu, opikisana akhale a gulu limodzi

Kwa ife onyamukira pa Mzuzu magulu anayi amakwana. Magombe: Chikale, Chintheche, Kande, Chitimba. Nkhalango zosungirako nyama: Nyika ndi Vwaza. Malo a mbiri: Livingstonia, komwe Robert Laws anakhazikitsa mishoni pa Khondowe mu 1894, Bandawe, tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa Likoma, ndi nyumba ya zakale ya ku Karonga yomwe muli Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana cha mtundu wa dinosaur. Mapiri, mathithi ndi nkhalango zoyendamo wapansi: Manchewe, Luwawa, Chikangawa, phiri la Hora.

Chifukwa chake chili pa kutalika kwa ulendo. Kuchoka pa Mzuzu kukafika ku Nkhata Bay ndi makilomita 47 a tala, ulendo wosadutsa ola n'komwe msewu ukakhala bwino. Kukafika ku Chelinda, malo ofikira alendo pa Nyika, mumayamba mwafika pa boma la Rumphi, kenako n'kuyendanso makilomita opitirira 100, kudzera pa geti la Thazima. Mukawaika pamodzi, Nyika idzaluza chaka ndi chaka pa kafikidwe, pomwe kutalikirako ndi kumene kwasunga mbidzi, nsefu ndi chilembwe pa malo a masikweya kilomita opitirira 3,000. Munthu wofuna Nyika sakusankha pakati pa Nyika ndi Chikale. Akusankha pakati pa Nyika ndi Vwaza.

Malo ena amalowa magulu awiri. Livingstonia ndi Manchewe zili moyandikana ndipo ambiri amaziona tsiku limodzi. Dzazani mafomu awiri, malo aliwonse m'gulu lake.

## 3. Sankhani mfundo zimene maso angaone ndi dzanja lingawerenge

Mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi n'zokwanira. Pa magombe ine ndimalimbikitsa izi: kafikidwe, chitetezo ndi umoyo, ukhondo, mtengo, zoona ndi zochita, ndi phindu kwa anthu a m'deralo.

Yesani mfundo iliyonse ndi funso ili: anthu awiri osadziwana atapita padera, angabwere ndi yankho lofanana? "Kukongola" sikupambana mayeso amenewa, chifukwa wobadwira ku Usisya saona nyanja monga amaionera wa ku Euthini. Koma "kutalika kwa mchenga umene mlendo angayendepo", "chiwerengero cha majekete odzitetezera pamadzi m'boti", "mphindi zokafikira kuchipatala chapafupi", izi aliyense angaziwerenge.

Phindu kwa anthu a m'deralo ambiri amalisiya poganiza kuti siliyezeka. Limayezeka. Mwa ogwira ntchito pamalopo ndi angati ochokera m'midzi yozungulira? Nsomba, nthochi ndi chinangwa amagula kwa ndani? Njira ya amayi yopita kunyanja kukachapa ndi kukatunga inatsekedwa ndi mpanda kapena ilipo? Ine mfundo imeneyi sindilola kuti ichotsedwe, chifukwa gombe limene eni mudzi amaliona podutsa pa waya silingatchedwe lopambana.

## 4. Nambala iliyonse ikhale ndi tanthauzo lolembedwa

Apa ndi pamene ntchito yambiri imaonongekera. Anthu amagwirizana kuti apereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5, n'kunyamuka. Koma 3 wa munthu wofatsa ndi 5, ndipo 3 wa munthu wovuta ndi 1. Khalani pansi, mfundo iliyonse muilembere mizere isanu. Nachi chitsanzo cha ukhondo wa zimbudzi pa gombe:

- 1: chimbudzi palibe, kapena chilipo koma munthu sangalowemo.
- 2: chilipo, koma palibe madzi osamba m'manja, kapena chitseko sichitsekeka.
- 3: chitseko chikutsekeka, madzi osamba m'manja alipo, sopo palibe.
- 4: madzi ndi sopo zilipo, cha amuna ndi cha akazi n'zosiyana.
- 5: zonse za pa 4, kuphatikiza mosinthira zovala, potayira zinyalala, ndi khomo loti njinga ya olumala ilowe.

Onani kuti palibe liwu loti "chabwino" kapena "chonyansa". Chilichonse ndi chinthu choti mungachijambule.

Kafikidwe kayezeni ndi maola, osati makilomita okha, ndipo lembani njira imene mwadzera. Ku Livingstonia mungakwere msewu wa Gorodi kuchokera pa Chitimba, wa makhota pafupifupi 20 okwera phiri, kapena kudzera cha ku Njakwa. Ndi maulendo awiri osiyana. Yambitsani wotchi pa depoti ya Mzuzu, osati pamene minibasi yanyamuka, chifukwa nthawi yodikira kuti idzaze mlendo amaimva m'thupi. Mukafika pa Likoma nkhani yake ndi ya masiku: lembani kuti Ilala kapena boti lina limaima liti pa Nkhata Bay ndiponso libwerera liti.

Pa chitetezo ndi umoyo mizere isinthe malinga ndi gulu. Kunyanja: majekete m'boti, munthu woyang'anira osambira, chikwangwani chochenjeza za ng'ona kapena pozama, masikito pa mabedi, ndi ngati alendo amauzidwa za likodzo. Ku Vwaza onjezani ngati alendo amachenjezedwa za kashembe, ntchentche zofalitsa kaodzera, komanso ngati oyenda wapansi amaperekezedwa ndi mlonda wa nkhalango. Pa Manchewe, pomwe madzi amagwa mamita pafupifupi 125, yang'anani njira yotsikira ndi poimirira kujambula.

Chenjezo: kupezeka kwa kashembe kapena ng'ona si mlandu wa oyendetsa malo. Chimene mukuyeza ndi zomwe achita kuti mlendo adziwe ndi kutetezedwa.

## 5. Gawani mphamvu za mfundo musananyamuke, ndipo musainirane

Mfundo zonse sizilemera mofanana. Gawani 100 pakati pa mfundozo. Kwa banja lathu lija mungachite chonchi: chitetezo ndi umoyo 25, kafikidwe 20, ukhondo 20, mtengo 15, zoona ndi zochita 10, phindu kwa anthu a m'deralo 10.

Tiyerekeze magombe awiri, A ndi B. Gombe A lapeza kafikidwe 4, chitetezo 2, ukhondo 3, mtengo 4, zochita 5, phindu 3. Gombe B lapeza kafikidwe 3, chitetezo 4, ukhondo 4, mtengo 3, zochita 3, phindu 4. Mukangophatikiza, onse ali ndi 21. Tsopano chulukitsani malikisi aliwonse ndi mphamvu yake. Gombe A: 80 + 50 + 60 + 60 + 50 + 30 = 330. Gombe B: 60 + 100 + 80 + 45 + 30 + 40 = 355. Gawani ndi 5 kuti zikhale pa 100: A ali ndi 66, B ali ndi 71. Gombe A ndi losangalatsa, lili ndi mabwato ndi nyimbo, koma kwa mayi wa ana atatu lotetezeka ndi limene lapambana, monga tinanenera pa sitepe yoyamba.

Kodi 25 uja wachokera kuti? Ndi chiganizo chanu, ndipo palibe cholakwika bola mwachinena poyera. Njira yabwino ndi kupatsa anthu khumi a mtundu umene mukuwayezera nyemba 20 aliyense, kuti azigawe pa mapepala asanu ndi limodzi a mfundozo. Werengani nyemba za pa pepala lililonse, mupeza zimene anthuwo amasamala, osati zimene inu mumaganiza kuti amasamala.

Lembani mphamvuzo, ikani tsiku, oyeza onse asaine. Chenjezo lalikulu la ntchito yonse lili pano: mukabwerako n'kupeza kuti malo amene mumawakonda agwera pa nambala 4, mtima udzakunong'onezani kuti "zochita" zinayenera kukhala 20. Musakhudze. Ngati mwaonadi kuti mphamvuzo zinalakwika, lembani, mudzasinthe ulendo wotsatira, ndipo mudzawerengerenso malo onse.

Ikaninso lamulo lotchinga. Malo amene apeza 1 pa chitetezo asadutse 50 ngakhale atapeza 5 pa zina zonse. Boti lonyamula ana a sukulu popanda jekete ngakhale limodzi silingaomboledwe ndi chambo chokoma.

## 6. Yeserani pafupi

Musanaononge ndalama za thiransipoti, sankhani malo amodzi mumzinda momuno, kaya nyumba ya zakale ya Mzuzu kapena malo ogona alendo ku Katoto. Aliyense adzaze fomu yake osalankhulana, kenako mufananize. Mukasiyana ndi 1, kambiranani. Mukasiyana ndi 2 kapena kuposa, vuto lili pa mawu a fomu, akonzeni n'kuyesanso.

## 7. Pitani nyengo imodzi, kapena yezani kawiri

Kumpoto kuno malo amodzimodzi amasintha nkhope. Nyika ya Januwale ndi Febuluwale ili ndi maluwa, kuphatikiza a mtundu wa chinaka omwe kumeneko alipo mitundu yoposa 200, koma msewu umavuta. Ya Juni ndi Julayi msewu uli bwino koma kumazizira mpaka madzi kuundana pa udzu m'mamawa. Vwaza imakoma Seputembala ndi Okutobala madzi akachepa m'tchire, nyama zikamasonkhana pa Kazuni. Kunyanja mwera umawomba kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti ndipo mabwato ang'onoang'ono amaima masiku ena. Ku Nkhata Bay ndi kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya kuyerekeza ndi ku Lilongwe.

Malo onse a gulu limodzi muwayendere mkati mwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Ngati thumba likulola, bwerezani nyengo inayo n'kutulutsa malikisi awiri, a dzinja ndi a chilimwe. Osawasakaniza kukhala nambala imodzi, chifukwa palibe amene amayenda mu "avereji ya chaka".

Tsiku la sabata nalonso limawerengedwa. Gombe la Lachiwiri m'mawa ndi gombe la tsiku la Anakubala mu Okutobala, mabasi atadzaza, si limodzi. Zimbudzi zimayesedwa patsiku la chikhamu. Ngati gombe A mwaliona Loweruka, B nalonso likhale Loweruka.

Za nyama samalani kwambiri. Kuona kambuku ku Chelinda ndi mwayi, ndipo mwayi sulandira malikisi. Lembani maola amene munayenda ndi mitundu ya nyama imene munaona, funsani ngati pali buku limene alendo ndi operekeza amalembamo zimene aona, ndipo malikisi achokere pa masabata angapo, osati madzulo anu amodzi.

## 8. Sonkhanitsani umboni

Fikani ngati mlendo wamba. Musatumize uthenga kuti mukubwera kudzayeza, chifukwa mudzapeza sopo watsopano ndi pabwalo posesa. Dzazani fomu muli pamalopo, osati madzulo muli pa Mzuzu mukukumbukira. Nambala iliyonse ikhale ndi chithunzi kapena chiganizo chochitira umboni. Musajambule nkhope za anthu osapempha.

### Mitengo

Werengani ulendo wonse wa munthu mmodzi: thiransipoti popita ndi pobwera kuphatikiza kabaza womaliza, polowera, chakudya, chipinda, ndi woperekeza. Sungani lisiti kapena uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba. Pambali pa mtengo uliwonse lembani tsiku. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mitengo yotengedwa miyezi yotalikirana singafanizidwe. Pachifukwa chomwecho, musalembe pa fomu kuti "5 ndi chipinda chosadutsa K20,000", pakuti mzere umenewo udzakalamba msanga. Ndandalikani mitengo ya malo onse a gululo, pezani wapakati, ndipo muupatse 3. Otsika kwambiri kuposa pamenepo apeze 4 kapena 5, okwera apeze 2 kapena 1, malire ake mutawalemba kale.

### Kufunsa alendo ena

Ife Amalawi ulemu umatiletsa kunyoza amene watilandira. Mukafunsa kuti "Mwakhala bwanji pano?" yankho lidzakhala "Bwinobwino, tathokoza," ngakhale munthuyo anasamba madzi a m'chidebe ndi kugona mumdima. Funsani zochitika. "Amama, m'mawa uno madzi anatuluka pampopi?" "Adada, mutaitanitsa nsima inatenga nthawi yaitali bwanji kuti ifike?" "Mtengo umene anakuuzani pafoni ndi umene mwalipira?" "Usiku munatha kukhoma chitseko?" Mafunso otere munthu amayankha osaona ngati akuneneza wina.

Afunseni potuluka, kunja kwa geti, mwini malo kapena woperekera zakudya asali pafupi. Nenani kuti ndinu ndani, kuti simulemba dzina, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana. Musasankhe okhawo akumwetulirani kapena azungu okha: funsani munthu wachitatu aliyense wotuluka. Gulu lobwera pa basi imodzi liwerengeni ngati mawu amodzi kapena awiri, chifukwa anthu 30 amene anadya mpunga wa mumphika umodzi si maumboni 30. Pa malo aliwonse yesetsani kupeza anthu osachepera 15 a magulu osiyana. Akachepa, lembani chiwerengero chenichenicho.

Mfundo ya phindu kwa anthu a m'deralo musaifunse kwa mwini loji yekha. Kapatseni moni a mfumu, fotokozani chimene mwabwerera, kenako chezani ndi asodzi, ogulitsa ziboliboli ndi amayi a pamjigo.

## 9. Ndemanga za pa intaneti muzigwiritse ntchito mochenjera

Nyenyezi za pa Google Maps ndi TripAdvisor n'zothandiza, koma zili ndi zilema zitatu. Zambiri zalembedwa m'Chingerezi ndi alendo akunja, omwe si amene mukuwayezera. Zina n'zakale, malo atasintha eni. Ndipo malo a ndemanga zitatu amaoneka opambana malo a ndemanga 80.

Chilema chachitatuchi chili ndi mankhwala. Tiyerekeze kuti avereji ya maloji onse a gulu lanu ndi 4.0. Loji iliyonse muionjezere ndemanga 10 zongoyerekeza za 4.0, kenako mupeze avereji yatsopano. Loji ya ndemanga 3 zonse za 5: (15 + 40) kugawa ndi 13, yankho 4.23. Loji ya ndemanga 80 za avereji 4.5: (360 + 40) kugawa ndi 90, yankho 4.44. Yoyamba ija, yomwe mwina analembera ndi azilamu a mwini wake, yatsika, ndipo ya umboni wochuluka sinasunthe kwenikweni. Njira yomweyi imateteza kaloji katsopano ka ku Usisya kamene mlendo mmodzi wokwiya anakapatsa 1: sikamira chifukwa cha munthu mmodzi.

Tengani ndemanga za miyezi 12 kapena 18 yapitayi zokha. Zokayikitsa ndi zimene zalowa zambiri sabata imodzi, mawu ofanana, olemba ake alibe ndemanga ina kulikonse. Ndemanga za pa intaneti zisapose gawo limodzi mwa magawo asanu a malikisi onse. Nyenyezi zimene boma limapereka ku mahotela ndi nkhani ina, zimayeza nyumba ndi zipangizo, choncho zilembeni pambali osaziphatikiza.

## 10. Werengerani

Tebulo lanu likhale ndi mzere umodzi pa malo aliwonse, ndi danga la tsiku, woyeza, ndi chiwerengero cha ofunsidwa. Pali zinthu zitatu zoti musamale.

Choyamba, anthu akakhala ochepa gwiritsani ntchito nambala yapakati m'malo mwa avereji. Alendo asanu apereka 4, 4, 4, 5 ndi 1. Avereji ndi 3.6, koma mukawandandalika, 1, 4, 4, 4, 5, yapakati ndi 4, ndipo ndi imene ikunena zomwe ambiri anaona. Uja wa 1 musamutaye. Werengani chimene anadandaula. Ngati ndi kuberedwa m'chipinda, chipite ku mfundo ya chitetezo ndipo mukachifufuze.

Chachiwiri, pomwe simunapeze umboni musalembe 0. Bwererani ku gombe B lija. Tinene kuti tsikulo kumudzi kunali maliro, simunathe kufunsa aliyense za phindu. Mukaika 0, B atsala ndi 315, kugawa ndi 5, ndi 63, ndipo wagwera pansi pa A chifukwa cha maliro. Cholondola ndi kuchotsa mfundoyo pamodzi ndi mphamvu yake: malikisi onse otheka atsala 450, ndipo 315 pa 450 ndi 70 pa 100. Ikani chizindikiro kuti mfundo imodzi ikusowa. Zikasowa ziwiri, kapena ikasowa ya chitetezo, malowo musawapatse nambala, lembani kuti sanayezedwe mokwanira.

Chachitatu, malo osiyana ndi malikisi ochepera 3 pa 100 muwatenge kuti afanana. Muyeso wathu si wakuthwa moti n'kusiyanitsa 71 ndi 72. Anthu amakonda kumva kuti woyamba ndani, koma kulengeza wopambana pa kusiyana kwa limodzi ndi kunamiza owerenga ndi kupweteka bizinesi ya munthu popanda chifukwa.

Munthu wina amene sanayende nawo awerengerenso tebulo lonse kuchokera pa mafomu.

## 11. Onetsani eni malo, kenako falitsani zonse

Musanatulutse, tumizani kwa mwini malo aliyense zimene munapeza pamalo ake okha, mum'patse masabata awiri. Angakonze zolakwika zenizeni, monga ngati majekete analipo m'kabati ndipo amaperekedwa boti likamanyamuka, bola aonetse umboni. Sangakambirane za nambala. Akanena kuti akonza chimbudzi chiyambire tsiku lija, lembani zimenezo pansi pa malikisi, ndipo nambala idzasinthe mukadzapitanso.

Pofalitsa ikani malikisi a mfundo iliyonse, osati chiphatikizo chokha, pamodzi ndi fomu, mphamvu za mfundo, mwezi umene munayenda, chiwerengero cha ofunsidwa ndi amene analipira ulendo. Wowerenga amene ali ndi galimoto yake, kafikidwe sikakumudetsa nkhawa, athe kudziwerengera yekha.

Lembaninso tsiku limene malikisiwo adzathe ntchito, miyezi 12 ndi yokwanira. Zinthu zimasintha msanga. Mu 2023 boma linasainirana ndi bungwe losamalira zachilengedwe la Peace Parks Foundation mgwirizano wa zaka 20 woyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera mpaka kumiza mchenga ndi nyumba zina za m'mphepete. Malikisi a gombe otengedwa madzi asanakwere sanganene za mchenga umene mlendo akaupeze.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kuyeza kwanu. Wa ku Chintheche asayeze magombe a ku Chintheche yekha, wa ku Bolero asayeze Vwaza yekha. Ngati mwini loji ndi wachibale, mnzanu wa kusukulu kapena wa mpingo umodzi, nenani ndipo apite wina. Sikuti ndinu wabodza, koma diso limafewa pa zakwathu.

Kulandira chipinda chaulere. Munthu amene wakuphererani nkhuku simungamulembere 2 pa ukhondo. Ngati thumba silikukwana malo khumi, yezani asanu ndi ndalama zanu.

Kuwerenga chinthu chimodzi kawiri. Msewu woipa umatsitsa kafikidwe. Musautsitsirenso pa chitetezo ndi pa mtengo, pokhapokha ngati fomu inanena kale kuti zidzatero.

Kulanga malo chifukwa cha tsiku. Magetsi akazima dera lonse kapena mafuta akasowa m'dziko, chimene mukuyeza ndi momwe malowo anakonzekera: sola, jenereta, nyali, kapena kukuuzani msanga.

Kusiya malo ang'onoang'ono. Mndandanda wotengedwa pa intaneti umasiya maresiti hausi ndi malo oyendetsedwa ndi midzi, omwe ndi amene Amalawi ambiri angakwanitse. Lembani lamulo lolowera pa mndandanda, mwachitsanzo malo aliwonse olandira alendo olipira amene agwira ntchito chaka chathunthu, ndipo funsani madalaivala a pa depoti ndi aphunzitsi amene anatengako ana kuti akuuzeni amene mwawaiwala.

Kufaniza malikisi a mafomu osiyana. Mukasintha mzere umodzi pa fomu kapena mphamvu ya mfundo imodzi, 71 wa chaka chatha ndi 68 wa chaka chino sakunena kuti malowo atsika. Lembani nambala ya fomu pakona, Fomu 1, Fomu 2, ndipo sungani mafomu akale onse m'faelo kuti muthe kuwerengeranso chaka chathacho ndi mphamvu zatsopano musanafanize.